Nsomba ya M'chitini cha Mabisiketi

Tamarack Landing
9 Juni 1981

Mwana wanga Lorna,

Ndikhulupirira uli bwino ku Michigan kumeneko, pamodzi ndi nsomba zako za m'mabotolo. Kuno ndilipo. Bondo limavuta m'mawa, koma dzuwa likakwera limayenda. Mtsinje wadzaza chaka chino, madzi afika pa thabwa lachitatu la doko. Akundilembera ndi Mayi Verna Ducharme a nyumba yachiwiri ija, poti ukudziwa kuti zolemba zinali za malemu amayi ako, ine sukulu ndinaisiyira m'kalasi lachinayi. Ndawauza alembe monga ndikunenera, osakometsa. Palamya sindingaikambe nkhaniyi. Waya wathu ndi wa nyumba zisanu ndi imodzi, ukangonyamula umamva anthu akupumira m'khutu.

Andipatsa mlandu.

Loweruka ndinapalasa kupita kuseri kwa chilumba cha Kettle, pa miyala ija unkakonda kuwedzapo. Ndinkafuna nsomba ija timati bass wa m'miyala, wamaso ofiira uja, woti tikazinge ine ndi Mayi Verna, poti ameneyo lamulo limalola chaka chonse. Ndinagwira nsomba zisanu ndi imodzi, zonenepa, zoti pamalo pajapa sindinazionepo kukula chotero. Pobwerera ndinapeza padoko mlonda wa nsomba wa boma, Wesley, mwana wa Pruner. Wesley yemwe uja ndinamuphunzitsa ine kumanga mbedza. Anasuzumira m'ndowa, kenako anavula chipewa.

Akuti, "Bambo Tallman, awatu si a m'miyala. Awa ndi bass wamkuwa."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Nditaona kuti watulutsa kabuku, ndinamuuza kuti nsomba ziwirizi ndinayamba kuzisiyanitsa bambo ake asanamere mano. Iye analemba, nanyamula ndowa yanga, ndipo anyamata a padoko onse anali pomwepo akuonerera.

Iwe ukudziwa tanthauzo lake. Nyengo ya bass wamkuwa imatsegulidwa Loweruka lachitatu la Juni. Tsiku limenelo lisanafike, yamphongo imakhala pachisa kulondera mazira, ndipo ukaichotsapo, tinsomba tina timaseseratu zonse madzi asanakhazikike. Munthu wochotsa bass pachisa ndi mbava. Ine ndathamangitsapo anthu otero ndi nkhafi, ena a iwo olemera oti akanatha kugula chilumba chonse. Zaka makumi asanu ndi chimodzi ndanyamula alendo pa mtsinje uno, dzina langa silinalowepo m'kabuku ka mlonda. Lero akuti mbavayo ndine. Akandipeza wolakwa andilanda chiphaso chonyamulira alendo, ndipo munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi akalandidwa chiphaso sachionanso.

Mlandu ukambidwa pa 14 Julaye, pamaso pa Homer Gillett wa sitolo ya misomali, poti ndiye woweruza wathu tsopano.

Tsono tamva. Wesley anatenga nsomba zisanu. Yachisanu ndi chimodzi inatererera pansi pa mpando wakumbuyo kwa bwato, ndinaipeza potsuka. Ndaichotsa za m'mimba, ndaikwirira mumchere, ndaitsekera m'chitini cha mabisiketi chija amayi ako ankasungiramo mabatani. Mawa ipita papositi. Ikafika uiyang'ane ndi magalasi anu akuyunivesite, ulembe kalata papepala la chidindo yonena kuti uyu ndi bass wa m'miyala. Homer sangasankhe pakati pa mawu anga ndi a munthu wa yunifolomu, koma pepala la chidindo amaliopa.

Minga ya pa chipsepse chake sindinawerenge. Kuwerenga minga ndi kwa ana ndi alendo. Diso lake lofiira ndinaliona ndi maso anga.

Sindinakupemphepo kanthu chichokere iwe kuno. Ndikupempha ichi chokha.

Bambo ako,
Orville Tallman

Ann Arbor
15 Juni 1981

Ababa okondedwa,

Kalata yanu yafika lero, ndaiwerenga nditaimirira pakhomo, chikwama chili paphewa. Ndili bwino, ntchito yokha ndiyo yachuluka. Atibweretsera mabotolo mazana awiri a nsomba zakumitsinje yakumpoto, ndipo mayina ambiri olembedwapo ndi olakwika.

Zoti Wesley angakuchiteni zotero pamaso pa anthu zandipweteka kwambiri. Wesley ndi wadzulodzulo. Mwina chamusokoneza ndi diso, poti wamkuwa nayenso nthawi zina amakhala nalo lofiirira, ndipo awiriwa ndi a banja limodzi. Koma si nkhani yoti anthu n'kukanganirana. Munandiphunzitsa ndinu ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mutandigwira chala n'kuchiyendetsa pa chipsepse chakunsi, chapafupi ndi mchira. Minga isanu ndi umodzi, wa m'miyala. Minga itatu, wamkuwa, bweza m'madzi msanga. Mpaka lero ana a sukulu akabwera kuno ndimawaphunzitsa chimodzimodzi, ndipo ndimawauza kuti anandiphunzitsa ndi bambo anga, osati buku.

Phukusi silinafike. Likangofika ndiwerenga minga ndi mamba omwe, ndijambula chithunzi, ndilemba kalata ya chidindo chachikulu choti Homer agwetse misomali yake. Musade nkhawa, idyani bwino.

Kodi magalasi anu munakasinthitsa? Pa Khirisimasi munati mupita ku Watertown chisanu chikatha.

Moni kwa Mayi Verna, muwathokoze chifukwa cha dzanja lawo lokongola.

Mwana wanu,
Lorna

Tamarack Landing
24 Juni 1981

Mwana wanga Lorna,

Kalata yako Mayi Verna andiwerengera kawiri. Mawu aja akuti anakuphunzitsa ndi bambo ako osati buku, ndinawauza abwerezenso kachitatu. Ndinagona tulo tabwino.

Za magalasi zisiye. Magalasi ali bwino.

Nyengo inatsegulidwa Loweruka. Ndinadzuka monga mwa masiku onse, ndinapukuta mipando ya bwato, ndinalongedza chiwaya, mafuta a nkhumba, mbatatesi, khofi ndi botolo la uchi wa mtengo wa mapulo, zonse za chakudya cha pachilumba. Nditafika kuhotela, mwini wake Stoddard ananditengera pambali. Akuti dokotala wa mano wa ku Syracuse uja ndi mlamu wake, anthu amene ndawanyamula zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wawapereka kwa Duane, mnyamata amene nayenso amanyamula alendo. Akuti si kuti akundikayikira, koma hotela singatumize alendo ndi munthu amene ali ndi mlandu wa nsomba, tidikire pa 14. Ndinamuuza kuti Duane khofi wake amamveka sokosi, ndipo miyala yakumunsi kwa Kettle adzaidziwa tsiku limene adzaswerepo bwato. Anati akudziwa, koma tidikire.

Ndinabwerera nazo zonse kunyumba. Mbatatesi tinadya ndi Mayi Verna masiku atatu.

Madzulo a Lowerukalo maboti akubwerera ndinapita kudoko, kuti asanene kuti ndikubisala. Duane atandiona anakuwa anthu onse akumva.

"Madala, lero ndakola ng'ombe kuseri kwa Kettle. Tabwerani mudzandiuze ngati ndi ya m'miyala."

Ndinati, "Ukafika kwanu ukadziyang'ane pagalasi, ukaudziwa mtundu wake."

Anaseka onse, iye yemwe. Inenso ndinaseka. Koma ndinapita kunyumba, ndipo kudoko sindinabwererekonso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma Duane mawa lake lili kutali.

Dokotala uja anabwera Lamulungu kudzandipatsa moni, atanyamula fodya wanga uja amandibweretsera chaka ndi chaka. Sanatchule kanthu za mlandu, inenso sindinatchule. Ndinamuuza kuti bwato likufunika utoto. Tonse tinali kuliyang'ana bwatolo, utoto wake wa mu Epulo ukunyezimira.

Wesley akandiona amawoloka msewu. Amayi ake anatumiza chitumbuwa cha zipatso, ndinachibweza.

Kodi chitini chafika? Wapapositi akuti phukusi lopita ku Michigan limatenga masiku anayi, likachedwa sabata. Papita masabata awiri. Kalata ya chidindo uitumize kwa ine, osati kwa Homer. Ndikufuna ndikaiike ndekha patebulo pake, Wesley ataima pomwepo.

Bambo ako,
Orville Tallman

Tamarack Landing
3 Julaye 1981

Lorna,

Moni. Sindikufunsa ngati uli bwino, poti ukanadwala akanatiuza.

Tsiku lililonse ndimayenda kupita kupositi galimoto ya makalata ikafika. Wapapositi tsopano amangopukusa mutu ndisanalowe n'komwe. Dzulo ndinamuuza afufuze za phukusi. Wandionetsa kapepala kobwerera, Mayi Verna andiwerengera. Chitini chinalandiridwa pa 17 Juni, ndipo amene anasaina ndiwe.

Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Kuwerenga mpaka sikisi sikutenga masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, ngakhale kwa ine wa kalasi lachinayi.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene ndakulakwira. Mwina chitini chinafika chikununkha, anzako a majasi oyera anagwira mphuno n'kufunsa kuti zachokera kwa yani zimenezi. Mwina pepala la chidindo ndi la nsomba za maina a Chilatini, si la nkhalamba ya padoko. Ngati ndi choncho ungondiuza. Ndikukumbuka tsiku lija unalandira digiri, pamene unandionetsa kwa mphunzitsi wako wamkulu n'kunena kuti awa ndi bambo anga, amadziwa mtsinje. Iye anandipatsa moni wa nsonga za zala, kenako anapukuta dzanja m'thumba. Iwe unaona, unayang'ana kumbali. Sindinanenepo, lero ndanena.

Sindinakuletse kupita. Amayi ako analira, ine ndinati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma sindinkadziwa kuti madzi akutali amatsuka mpaka dzina la bambo.

Pa 14 ndipita ndekha. Ndikalumbira pa Baibulo kuti zinali za m'miyala, ndipo ngati Homer akhulupirire mwana wa Pruner, akhulupirire. Chitini ubweze, ndi cha amayi ako.

Mayi Verna akuti kalatayi ndiigoneke kaye mpaka mawa. Ndakana.

O. Tallman

Lorna, kapepala aka ndi kanga, Verna. Bambo ako sakudziwa kuti ndakalowetsa, ndipo akadziwa sadzandilankhulanso, koma ndalephera kupirira. Maso awo apita. Si za lero. Chiyambire chisanu ndimawawerengera ndine zolembedwa pa mabotolo a mankhwala, iwo amati magalasi aiwala kuchipinda, chikhalirecho ali nawo pamphuno. Ku Watertown sanapite. Pa mtsinje amayenda chifukwa ali nawo m'mutu, amawerenga nkhafi ndi kumvera mafunde. Kumapeto kwa Meyi, pa tsiku lokumbukira akufa, tinapita kumanda. Anagwada, anazula udzu, anatsuka mwala ndi burashi, anaika maluwa, akulankhula ndi amayi ako motsitsa mawu. Mwala unali wa Bambo Farr, mzere wotsatira. Iwo atapita kugalimoto ndinasuntha maluwa. Nsomba zija ndinaziona m'ndowa imene Wesley ananyamula, koma ine nsomba sindizidziwa, ndimadziwa yokazinga basi. Ngati pali chimene ukuopa kuwauza, auze ndithu. Kukhala chete kwako kukuwadya kuposa mlandu.

Ann Arbor
7 Julaye 1981

Ababa,

Kalata yanu ndailandira. Zonse mwanenazo ndazimva, ndipo za tsiku la digiri munena zoona. Ndinaona, ndinachita mantha, ndinayang'ana kumbali. Mundikhululukire. Koma chitini sichinandichititse manyazi. Ndinachitsegula ndili ndekha, chitseko chotseka, ndipo fungo loyamba kutuluka linali la mabatani a amayi.

Ababa, minga ndi itatu.

Ndinatsuka mchere, ndinaiviika m'madzi kuti chipsepse chifewe, ndinachitambasula ndi singano. Itatu. Ndinati mwina ina inathyoka m'bwato, ndinayang'ana pa galasi lokuza kufuna zitsa zake. Palibe chothyoka. Ndinawerenga mamba a mzere wa m'mbali, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Wa m'miyala amakhala nawo makumi anayi, kupitirira pang'ono kapena kuchepera pang'ono. Iyi ili nawo makumi asanu ndi awiri kudza awiri. Timadontho takuda tondondozana m'mizere palibe. Pali mikwingwirima yotsika kuchokera kumsana, yazilala ndi mchere koma ikuoneka. Thupi ndi lalitali, si lophwatalala. Ndi bass wamkuwa. Wesley sanalakwe.

Ndinadziwa tsiku lomwelo, pa 17. Mawa lake ndinawerenganso, ngati kuti usiku minga imamera. Kenako ndinatenga pepala la chidindo, ndinalilowetsa m'makina olembera, ndinalemba dzina lanu ndi tsiku. Linakhala m'makinamo sabata yathunthu. Palibe akanandigwira. Homer sadziwa kuwerenga mamba, ndipo zisanu zija mwina zinatayidwa kale. Ndinafika mpaka pa mawu akuti "Ndaiyesa nsombayi ndipo ndapeza kuti", pamenepo manja anakana. Munthu amene anandiphunzitsa kubweza nsomba m'madzi ngakhale palibe wotiona ndinu. Sindinathe kunama, sindinathenso kukuuzani, ndiye ndinangokhala chete ngati chitsiru, inu mukuyenda ulendo wakupositi tsiku ndi tsiku. Cholakwa changa ndi chimenecho.

Sindikukhulupirira kuti munaba. Ndikukhulupirira kuti munaona diso lofiira, ndipo zina zonse simunathe kuziona. Pa Khirisimasi munathira khofi pambali pa kapu, munati tebulo lapendekeka. Ndinaseka nanu chifukwa zinali zosavuta kuseka. Ng'ala amachotsa masiku ano, ndipo ngati si ng'ala, tikamve kwa dokotala kuti ndi chiyani.

Chonde musakalumbire pa Baibulo. Ndiloleni ndibwere pa 13, ndikaime nanu, ndikauze Homer za maso. Munthu salangidwa ngati mbava chifukwa cha matenda. Mukafuna ndisabwere, muuze Mayi Verna andiimbire, anene mawu amodzi okha, a pawaya asamve kanthu.

Kaya mundiyankha kaya simundiyankha, ndine mwana wanu.

Lorna

Tamarack Landing
16 Julaye 1981

Mwana wanga Lorna,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno kwatentha, mtsinje wayamba kutsika. Mawu amodzi aja a palamya unawamva, ndipo wachita bwino kumvera. Sindinkafuna uone.

Kalata yako inafika Loweruka. Mayi Verna atafika pa mawu akuti itatu anaima, ndinawauza apitirize. Atamaliza ndinawapempha apite kwawo. Masiku awiri ndinakutukwana mumtima, sindibisa. Kenako ndinatopa nako kutukwana, ndipo chimene chinatsala ndi ichi, ndikuuza iwe wekha ndi amene akulembayu.

Pa tsiku lija, nsomba yachiwiri inalumpha. Ndinamva madzi akuphulika kutsogolo kwa bwato, chingwe chikunjenjemera mpaka m'chigongono. Wa m'miyala salumpha. Amakoka kawiri n'kubwera ngati nsanza yonyowa. Ndinadziuza kuti ndi mphepo. Iliyonse ndinkaibweretsa pafupi ndi nkhope mpaka kukhudza mphuno, ndipo m'chifunga chimene ndimakhalamo masiku ano ndinkaona kadontho kofiira, basi ndinkaponya m'ndowa. Ndinakondwa, Lorna. Ndinati ndikuonabe. Ndipo pothira mchere, chala changa chinatsetsereka chokha kupita pa chipsepse chija. Chinakhudza munga woyamba. Ndinachibweza. Ndinatseka chitini n'kukutumizira iwe katundu amene ndinalephera kusenza ndekha, kenako ndinakukalipira kuti ukuchedwa naye. Mawu a m'kalata yapitayi uwatenthe. Madzi sanatsuke kanthu.

Lachiwiri ndinavala suti ya maliro a amayi ako. Khoti linali m'chipinda chakumbuyo kwa holo, anthu anadzaza mpaka pakhomo, Duane ndi Stoddard omwe. Homer anayamba ndi kutsokomola. Anati wamva kuti nsomba zisanu zija zinawonongeka firiji itazima, ndipo popanda nsomba iye sangaweruze za nsomba. Anafunsa Wesley ngati angalumbire kuti sakanatha kulakwitsa. Wesley anati dzuwa linali m'maso tsiku limenelo, munthu aliyense amalakwitsa. Ndinazindikira kuti anapangana. Ankanditsegulira chitseko chakumbuyo kuti ndituluke ndi chiphaso changa, mnyamatayo atsale ndi dzina la mlonda wosadziwa nsomba.

Ndinaimirira. Ndinati, "Homer, usamunamitse mwanayu. Dzuwa linali kumsana kwake. Anali bass wamkuwa, asanu ndi mmodzi osati asanu, ndipo ndinawachotsa pazisa."

Homer anati ndikhale pansi, poti sanandifunse kanthu. Ndinatulutsa kalata yako, ndinati awerenge pamene pali minga ndi mamba pokha, zinazo ndi za m'banja. Anawerenga. Atafika pa makumi asanu ndi awiri kudza awiri, wina kumbuyo anati, "Mpaka kuwerenga mamba?" Ndinatembenuka, ndinati ameneyo ndi mwana wanga, sasiya kanthu pakati.

Homer anandilipiritsa faindi yochepetsetsa imene buku lake limalola, ndipo anati za chiphaso alembera akuluakulu kuti andichitire chifundo. Ndinamuuza asavutike. Ndinachitulutsa m'chikwama, ndinati ndichiike patebulo. Munthu amene sangaone nsomba ili m'manja mwake sanganyamule ana a eni pakati pa miyala. Ndinaphonya tebulo, chinagwa pansi. Anatola ndi Wesley. M'chipindamo munalibe woseka, ngakhale Duane, ndipo kukanakhala bwino akanaseka.

Dzulo ndinapempha Mayi Verna akwere bwato, koyamba m'moyo wawo, atavala chovala choyandamitsa mpaka m'makutu. Ndinapalasa mpaka kuseri kwa Kettle. Ndinawauza ayang'ane pansi, pamene pali timabwalo toyera ta miyala yosesedwa, andiuze ngati pali kamtambo ka tiana takuda pafupi. Ndikudziwa kuti nthawi yake inapita, ngakhale tikanakhalapo tikanabalalika kale. Ndinangofuna wina ayang'ane. Anayang'ana nthawi yaitali. Akuti timabwalo tilipo, tadzala ndere. Chaka chilichonse ndinkawauza alendo kuti chisa chimodzi ndi ana zikwi. Ndinawerengera ndili m'bwatomo, kenako ndinasiya.

Titabwerera, Wesley ndi Duane anandithandiza kukweza bwato m'shedi. Sindinawaitane, anangobwera. Chilipangireni bwato limeneli silinagonepo pouma mwezi wa Julaye. Matabwa a mkungudza akauma amalira pang'onopang'ono, ndimawamva ndili kukhitchini.

Za dokotala ndavomera. Mayi Verna apeza tsiku, pa 11 Ogasiti, ku Watertown. Sindikuyembekeza zambiri. Ngati ntchito ikulola, ubwere udzandiperekeze, ukamve wekha zimene akanene, poti ine ndikhoza kudzakuuza zina. Chitini ubwere nacho. Nsombayo usataye. Uiike m'botolo pamodzi ndi zinzake, ulembepo dzina lake loona, malo ndi tsiku, ndi dzina la amene anaigwira.

Basi ya ku Syracuse imafika 4 koloko, ndidzakhala pakhonde. Pamsewu pano pamadutsa akazi ambiri a alendo nyengo ino, ndipo sindifuna kudzaimirira chifukwa cha mwana wa wina. Ukadzafika pachipata usadzadikire kuti ndikuzindikire. Udzanene dzina lako.

Bambo ako,
Orville Tallman